Kukonzanso Mtengo wa Mfuti ya Mpweya: Kupala, Kupaka Mafuta ndi Kupenta

Mfuti ya mpweya ikakalamba, chimayamba kuulula zaka zake ndi mtengo wake, thabwa limene mumagwira ndi kutsamiza paphewa. Chitsulo, ngati mwini wake ankachipukuta ndi kansalu ka mafuta, chimatha zaka 30 chidakali chakuda bii. Koma vanishi amang'aluka ngati matope ouma ndi dzuwa, pogwira dzanja pamada ndi thukuta, ndipo m'mbali mumadzaza timaenje ta pamene mfuti inagunda chitseko kapena mwala. Mtengo wotere mungaubwezeretse muli pa tebulo wamba, ndi zipangizo zokwana m'kabokosi kamodzi. Chimene ntchitoyi imadya kwambiri ndi nthawi, masabata 4 mpaka 6, ndipo imafuna dzanja lodziwa polekezera. Zolakwa zikuluzikulu zimene ndaona pa ntchitoyi n'zamtundu umodzi: wina wakwecha mopitirira, wina wathira mafuta ambiri, wina wapopera penti wokhuthala kuti amalize tsiku lomwelo.

Ndikunena pano za mfuti za mpweya zamasewera, za zipolopolo za 4.5 mm ndi 5.5 mm, makamaka zija zothyola pakati zopangidwa ndi makampani ngati Weihrauch ndi Diana a ku Germany, BSA ya ku Birmingham kapena Gamo ya ku Spain. Njira yake ndi yomweyo pa mtengo wa mfuti iliyonse yowombera chandamale. Za m'kati mwa chitsulo sitikhudzako. Mphamvu ya mfuti ndi nkhani ya malamulo: ku England ndi Wales mfuti ya mpweya yopyola 12 ft-lb imafuna chiphaso, ndipo ku Germany malire ndi ma joule 7.5, mfuti zosapyola pamenepo n'kudindidwa chilembo F m'kati mwa kachizindikiro ka ngodya zisanu. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake, choncho dziwani a kwanuko musanayambe. Nambala ya mfuti ndi zidindo zonse za pa chitsulo musazikweche kapena kuzikwirira ndi penti.

Kulekanitsa mtengo ndi chitsulo

Thyolani mfuti pang'ono, osafika pokoka sipiring'i, ndipo suzumirani mumpope molozetsa kowala. Muzitha kuona kuwala mbali inayo, kusonyeza kuti mulibe chipolopolo. Ngati mfuti ndi yokoka kale, kaiwombereni pamalo otetezeka muli chipolopolo m'kati, chifukwa mfuti ya sipiring'i ikawombedwa yopanda kanthu pisitoni imamenya chitsulo mwamphamvu n'kuwononga zotsekera mpweya. Musamasule sikuluwu ngakhale mmodzi mfuti ili yokoka.

Mfuti zambiri zothyola zimagwidwa ndi masikuluwu awiri kutsogolo, wina uku wina uku, ndi mmodzi kapena awiri pa kachitsulo kotchinga trigger, pamene chala chimakoka powombera. Chotsani kaye sikopu, galasi loyang'anira chandamale lija. Sankhani sikuludiraiva yodzaza bwino mumpata wa sikuluwu, chifukwa yaing'ono imaterereka n'kukanda mtengo ndi chitsulo chomwe. Jambulani ndi foni musanamasule, ndipo sikuluwu aliyense mubaye pa katoni n'kulembapo komwe wachokera. Masikuluwu a pa trigger nthawi zambiri satalika mofanana, ndipo wamtali akalowa m'bowo la wamfupi angathe kukhudza zitsulo za m'kati. Chitsulo chikatuluka, chipukuteni ndi mafuta, chikulungeni m'nsalu, n'kuchitsekera kumene ana sangafike. Sipiring'i ya m'katimo imakhala yopanikizika ngakhale mfuti isanakokedwe, ndipo yavulaza anthu ambiri amene anangoti atsegule aone.

Dziwani mtengo umene muli nawo

Yang'anani m'kati mwa ngalande mmene mumagona chitsulo, chifukwa m'menemo mtundu weniweni wa mtengo umaoneka. Ukakhala wotuwira, wokhala ndi timizere tifupitifupi ngati timadontho ta mvula, ndi beech. Ndiwo umene uli pa mfuti zambiri zosadula kwambiri: ndi wolimba, wolemera, koma maonekedwe ake ndi wamba, ndipo kufiirira kumene mumaona kunja nthawi zambiri kumakhala mu vanishi, osati mumtengo. Mukangopala mudzadabwa kuona kuti ndi woyera mbuu. Ukakhala woderapo wokha, wa timabowo tooneka ndi maso ndi mizere yoyenda ngati utsi, ndi walnut. Walnut musaupente. Ndi mtengo umene mafuta amautulutsa kukongola konse, ndipo kuuphimba ndi penti n'kutaya chuma.

Ngati mfutiyo ndi yakale kwambiri, yosowa, ndipo vanishi wake woyambirira adakalipo bwino, ingoipukutani n'kuisiya. Osonkhanitsa mfuti zakale amafuna ya zipsera zake kuposa yokonzedwanso.

Kuchotsa vanishi

Ambiri amathamangira sandipepa, koma sandipepa amadya vanishi ndi mtengo limodzi. Gwiritsani ntchito mankhwala ochotsera penti. Pakani mokhuthala ndi burashi, kulungani ndi pulasitiki kuti asaume msanga, dikirani nthawi imene yalembedwa pa chitini, kenako palani ndi kachipalo ka pulasitiki motsatira mizere ya mtengo. Vanishi wa kufakitale amalimba, choncho kubwereza kawiri kapena katatu si chachilendo. Gwirani ntchitoyi panja kapena pamalo opita mphepo, mutavala magolovesi ndi magalasi. Werengani chitini: mankhwala okhala ndi methylene chloride ndi oopsa kupuma moti ku America analetsa kuwagulitsa kwa anthu wamba mu 2019. Ena osakhala ndi mankhwalawa amachedwa, koma amagwira.

Malo ogwira dzanja amene anasemedwa timizere topingasa ngati timadayamondi, otchedwa checkering, amafuna ulemu wapadera. Musafikitsepo chipalo kapena sandipepa. Pakanipo mankhwala, kenako tsukani ndi mswachi wakale motsatira ngalande zake, mbali imodzi kenako inayo. Pakauma, phimbanipo ndi tepi ya pepala n'kudula m'mphepete mwake ndi lezala mosamala. Tepiyo ikhalapo mpaka kumapeto.

Mafuta akale, timaenje ndi ming'alu

Kumbuyo kwa ngalande, pamene chitsulo chimathera, nthawi zambiri mtengo umakhala wakuda. Ndi mafuta a mfuti amene akhala akutsetserekera pamenepo zaka zonse mfuti itaimikidwa pakona. Mafuta amenewa amafewetsa mtengo, ndipo chilichonse chimene mungapake pamwamba pake sichiuma. Sakanizani ufa wa choko ndi acetone, mankhwala amadzimadzi osungunula mafuta, kuti zikhale phala, matani pamalopo, musiye ziume. Acetone imasungunula mafuta, choko n'kuwayamwa, ndipo mudzaona ufa woyera uja wasanduka wachikasu. Sasani, bwerezani mpaka choko chizituluka choyera. Kuika mtengo padzuwa kwa kanthawi kumathandiza, chifukwa mafuta amatuluka ngati thukuta. Acetone sachedwa kugwira moto, choncho pasakhale fodya kapena lawi pafupi.

Tsopano timaenje. Iyi ndi mbali imene ndimaikonda koposa, chifukwa munthu woona koyamba sakhulupirira. Mtengo ukagundidwa, ulusi wake umangopanikizika, sunachoke. Donthezani madzi pang'ono m'kadzenjeko, yalanipo kansalu ka thonje konyowa kopinda kawiri, ndipo gunditsani nsonga ya simbi yotentha pa kansaluko kwa masekondi 5 kapena 10. Mudzamva kuti tswee, nthunzi n'kulowa mumtengo. Chotsani kansalu, papasani ndi chala. Kadzenje kakhala katakwera. Bwerezani kanayi kapena kasanu, mukunyowetsanso kansalu nthawi iliyonse kuti mtengo usapserere, ndipo timaenje tambiri timafika pofanana ndi pena ponse. Koma pamene ulusi unaduka, monga pokandidwa ndi msomali, nthunzi singabwezeretse chimene palibe. Pamenepo muli ndi zosankha ziwiri: kutsekapo ndi guluu wa epoxy wosakaniza ndi utuchi wa mtengo womwewo, kapena kusiya chipseracho. Ine zipsera zing'onozing'ono ndimazisiya. Chigamba chimaoneka kuti ndi chigamba, pamene chipsera chothira mafuta chimangooneka ngati mbiri ya mfutiyo.

Mng'alu wokha musausiye, makamaka pakhosi pogwira dzanja lowombera, chifukwa mpamene mtengo umaonda ndiponso mpamene umathyokera. Utsukeni ndi acetone, ukanuleni pang'ono kwambiri, lowetsani epoxy wochedwa kuuma ndi kachitsotso, ndipo mangani ndi mphira ya chubu cha njinga mozungulizazunguliza. Musiye tsiku lathunthu. Mukatha zonse za nthunzi, mtengo uume masiku awiri musanaukhudze ndi sandipepa.

Yesani kutalika musanapitirire

Ngati mukufuna kusintha kanthu pa kaumbidwe ka mtengo, nthawi yake ndi ino. Ikani chitsulo ndi sikopu mongoyembekezera, tsinzinani, kwezani mfuti paphewa monga mumachitira, kenako tsegulani maso. Diso lizipezeka lili kale pakati pa sikopu. Mukapeza kuti mukutukula mutu, patsaya ndi potsika, ndipo mufunika kachidutswa kokwezera. Mukapeza kuti mukusolola khosi kapena kukwinyirira phewa, vuto ndi kutalika. Pa mfuti zambiri za akuluakulu, kuchokera pa trigger kufika kumapeto kwa thako la mfuti pamakhala masentimita 34 mpaka 37. Kutalikitsa n'kosavuta: mumaika timapale pakati pa mtengo ndi labala wa paphewa. Kufupikitsa ndi sowo kulibe pobwerera, choncho yambani mwawombera masiku angapo ndi mfutiyo mutachotsa labala kuti mumve ngati kufupikako kukukuyeneranidi. Amene amapikisana pa mamita 10, masewera amene analowa mu Olympics mu 1984 ku Los Angeles, amalimbana ndi kadontho kapakati ka theka la milimita, n'chifukwa chake mfuti zawo zimasinthika patsaya ndi paphewa pomwe. Ife sitikufika pamenepo, koma mutu wogona malo amodzi nthawi zonse umathandiza aliyense.

Kukwecha

Apa mpamene mitengo yambiri imafera. Lamulo lalikulu ndi lakuti m'mphepete monse mmene mtengo umakumana ndi chitsulo kapena labala musamakwechemo mwachisawawa. Ndinaphunzira izi pa mfuti yanga yoyamba. Ndinachotsa labala wa paphewa, n'kukwecha thako la mfuti ndi sandipepa wogwira ndi zala. Pobwezera labala ndinapeza kuti watuluka kunja mozungulira monse ngati chipewa chachikulu pamutu pa mwana, ndipo ngodya za mtengo zinali zitabulungika. Mpaka lero ndikaigwira mfuti imeneyo chala changa chimakodwa pamalo omwewo. Choncho labala akhale pomwepo pokwecha, mutamukuta ndi tepi, kapena mangiranipo kathabwa kodula mofanana naye.

Kulungani sandipepa pa kachipika ka labala kapena ka cork, ndipo m'malo okhota mukulunge pa kachidutswa ka payipi ya madzi. Zala zokha zimakumba timigwa tosaoneka panthawiyo, timene timadzaonekera mafuta akayamba kuwala. Yambani ndi nambala 180 ngati mtengo uli ndi zipsera, apo ayi 240. Kenako 320, n'kumalizira 400, popeza nambala ikamakwera sandipepa amasalala. Musadumphe nambala, chifukwa ntchito ya sandipepa aliyense ndi kufufuta mikwingwirima ya amene wapita. Nthawi zonse tsatirani mizere ya mtengo. Mkwingwirima umodzi wopingasa umabisala mumtengo wouma, koma ukalawa mafuta umatulukira wakuda, ndipo pamenepo n'kubwerera pa 240. Kuti mudziwe ngati mwakwecha paliponse, lembani mizere yopepuka ya pensulo pa mtengo wonse, n'kukwecha mpaka ifufutike, basi. Valani chotchinga mphuno, fumbi la walnut limayabwa ndipo ena limawatseka chifuwa.

Mukafika pa 320, pukutani mtengo ndi kansalu konyowa, muuike pouma. Ukauma, upapaseni ndi kuseri kwa dzanja. Mtengo umene unali wosalala myaa mudzaupeza wayamba kukanda ngati ndevu za masiku awiri. Timenoto ndi timaulusi timene sandipepa anangotigoneka osatidula, ndipo madzi atidzutsa. Timeteni mopepuka ndi 400. Nyowetsaninso, umitsani, metaninso, mpaka madzi asiye kudzutsa kanthu. Kawirikawiri katatu kamakwana. Mukapanda kuchita izi, tsiku loyamba mfuti ikadzanyowa ndi mame ndevuzo zidzatulukira pansi pa mafuta anu.

Mtundu pa beech

Beech samwa utoto mofanana. Pamene ulusi wathera, monga pakhosi ndi pamakhota, amamwa kwambiri n'kuda, pena n'kutsala potuwa, mtengo n'kuoneka wamawangamawanga. Utoto wosungunula m'madzi kapena mu spirit umalowa bwino kuposa wokhuthala wa mafuta. Usungunuleni kwambiri ndipo pakani kangapo mopepuka, poyamba kuyesa m'kati mwa ngalande. Mtundu umene mukuona utoto udakali wonyowa ndi umene mudzaone mafuta akalowa, choncho musaonjezere chifukwa choti wauma n'kuoneka wofooka. Kunena zoona, beech wosapaka utoto, wongothira mafuta, amatuluka wagolide ndipo ine ndimamukonda choncho.

Mafuta

Pali mitundu itatu imene anthu amagwiritsa ntchito kwambiri. Mafuta a linseed owiritsa ndiwo akalekale. Amalowa mumtengo, amapatsa walnut mtundu wakuya wofiirira, ndipo amawala mofatsa. Dzina loti owiritsa lisakusocheretseni: a masiku ano amangothiridwa mankhwala oumitsa, ndipo amauma pa tsiku limodzi kapena awiri, pamene linseed wosawiritsa angatenge sabata kapena kuposerapo. Mafuta a tung amakana madzi kuposa linseed koma sadetsa mtengo kwambiri. Ndiye pali Tru-Oil wa kampani ya Birchwood Casey, amene amauma m'maola ochepa n'kupanga kakhungu konyezimira pamwamba, pafupifupi ngati vanishi. Wofuna kumaliza msanga asankhe ameneyu. Ine ndifotokoza za linseed, chifukwa mtengo wa linseed ukakandika mumangopakapo dontho n'kutikita, osayambiranso ntchito yonse.

Mafuta amenewa sauma ngati madzi amene amangouluka. Amauma pogwirizana ndi mpweya, n'kusanduka olimba. Ndiye ganizani: mukapaka okhuthala, pamwamba pokha mpamene pakumana ndi mpweya. Pamwambapo pamachita khungu, pansi n'kutsekeredwa, ndipo mtengo umakhala womata ngati ulimbo kwa miyezi. Chinsinsi chonse cha ntchitoyi chagona pamenepa.

Kupaka koyamba kokha ndiko kumafuna mafuta ambiri. Sakanizani theka mafuta, theka white spirit, mankhwala osungunulira penti, kuti alowe mozama. Pakani mtengo wonse, kuphatikizapo pansi pa labala ndi m'kati mwa ngalande, chifukwa chinyezi chimalowera m'malo obisika amenewa. Pakatha mphindi 20, pukutani ndi nsalu youma mpaka pasatsale ponyowa. Kolekani mtengo ndi waya wopisa m'bowo la sikuluwu, pamalo ofunda, opita mphepo, opanda fumbi. Dikirani masiku awiri. M'ngalandemo musadzapakenso kupitirira kawiri, kuopa kuti chitsulo chingadzakane kugona bwino.

Ngati ndi walnut, timabowo take timafunika kutseka. Donthezani mafuta osungunula aja pa kachigawo kakang'ono, ngati chikhatho, ndipo kwechani ndi sandipepa wosaopa madzi wa 400 mafuta ali pomwepo. Fumbi ndi mafuta zimapanga timatope toderapo. Timatope timeneti ndi timene mukufuna. Tikankhireni m'timabowo ndi chala, kenako pukutani mopepuka ndi pepala lofewa mopingasa mizere ya mtengo, chifukwa mukatsatira mizere mutikokanso kutuluka. Malizani mtengo wonse chigawo ndi chigawo, dikirani masiku awiri, bwerezani. Pakatha maulendo atatu kapena anayi, pendekani mtengo pa kuwala kwa pawindo. Timabowo tikasiya kuoneka ngati timadontho tolowa m'kati, mwatha. Beech timabowo take ndi tating'ono kwambiri, sitepe iyi mungaidumphe.

Tsopano kupaka kwenikweni. Viikani nsonga ya chala m'mafuta osasungunula, n'kudontheza madontho atatu kapena anayi pa mbali imodzi ya thako la mfuti. Amenewo akwana mbali yonseyo. Tikitani ndi chikhatho mwamphamvu, uku ndi uku, mpaka mumve kutentha m'dzanja. Kutenthako kumafewetsa mafuta kuti afalikire mopyapyala. Mudzamva dzanja likuyamba kukakamira pang'ono, ndiye kuti mafuta athera pomwepo, sunthirani pena. Mtengo wonse sufuna ngakhale theka la kasupuni kakang'ono. Mukamaliza, pukutaninso ndi nsalu youma ngati kuti mukufuna kuchotsa zonse zimene mwapaka, sambani m'manja ndi sopo, kolekani mtengo.

Mawa lake musathamangire kupakanso. Gunditsani kuseri kwa chala. Ngati pakumata ngakhale pang'ono, dikirani tsiku lina. Nyengo yachinyezi kapena yozizira ingafune masiku atatu pakati pa kupaka ndi kupaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kunena zoona maulendo asanu oyamba saonetsa kanthu, moti munthu amayamba kukayika ngati akuchita zoona. Cha pa ulendo wa 8 mpamene mizere ya walnut imayamba kuoneka ngati ili pansi pa madzi oyera, ndipo mukatembenuza mtengo kuwala kumayenda nawo. Ambiri amalekera pakati pa maulendo 12 ndi 20. Mukaona fumbi lamatirira kapena pena pakhuthala, dikirani paume, pitanipo mopepuka ndi steel wool, ulusi wachitsulo wokwechera, wosalala kwambiri wa 0000, ndipo sasani bwino tizitsulo take, chifukwa totsalira timachita dzimbiri mumtengo.

Ngati mwalakwitsa kale ndipo mtengo wakhala womata sabata yathunthu, musaonjezere mafuta ena poganiza kuti akonza. Pukutani mwamphamvu ndi nsalu yoviika mu white spirit mpaka kumatako kuchoke, dikirani masiku atatu, n'kuyambiranso ndi madontho ochepa.

Nsanza zopukutira linseed zimayaka zokha. Izi si nthano. Kugwirizana kwa mafuta ndi mpweya kuja kumatulutsa kutentha, ndipo nsanza ikakhala yofwinyidwa m'bini kutenthako kumasowa kothawira mpaka moto kubuka, mwina usiku anthu atagona. Nsanza iliyonse muiyanike panja pa simenti yotambasula mpaka iume gwa, kapena muimize m'chitini cha madzi chokhala ndi chivundikiro.

Pomaliza matulani tepi ya pa checkering. Pakanipo mafuta osungunula ndi mswachi kamodzi kapena kawiri, n'kuchotsa otsala ndi mswachi wouma kuti ngalande zisadzaze. Kenako mtengo upume masabata awiri musanaubwezere pa chitsulo.

Ngati mwasankha penti

Penti ndi woyenera mtengo wa pulasitiki, kapena beech amene ali ndi zigamba zambiri zofuna kubisa. Pa beech tsatirani zonse mpaka sandipepa wa 320, osapaka mafuta, kenako poperani primer wa matabwa, penti woyamba wothandiza kuti winayo agwire, kawiri, mukukwecha mopepuka pakati. Pulasitiki ndi wovuta chifukwa penti samugwira. Mutsukeni ndi sopo wotsukira mbale ndi madzi ofunda, mukwecheni ndi 400 mpaka kunyezimira konse kuthe, mupukuteni ndi isopropyl alcohol. Acetone apa ayi, imasungunula mapulasitiki ena. Kuyambira pamenepo musamugwire ndi manja osavala, chifukwa mafuta a m'zala amakwana kulepheretsa penti. Poperani kaye primer wopangidwira pulasitiki. Ngalande ya chitsulo, mabowo a masikuluwu ndi labala muziphimbe ndi tepi.

Khutchumulani chitini mphindi ziwiri zathunthu. Chigwireni pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, yambani kupopera musanafike pa mtengo ndipo lekani mutaudutsa. Ulendo woyamba ukhale ngati nkhungu, pansi pakuonekabe. Maulendo atatu kapena anayi otere amaposa umodzi wokhuthala umene umayenderera n'kusiya misozi. Werengani pa chitini za nthawi yobwerezera. Mapenti ambiri a enamel amafuna kuti mubwereze ola lisanathe, apo ayi mudikire masiku awiri. Mukapopera pakati pa nthawi ziwirizi penti wapansi amakwinyika ngati khungu la nkhalamba, ndipo palibe chochita koma kupala.

Wofuna mawanga a m'tchire ayambe ndi mtundu wowala kwambiri, monga wa mchenga, pa mtengo wonse. Ukauma, yalani masamba, udzu kapena kaukonde pamwamba, n'kupopera wobiriwira mopingasa, kenako wa khofi, ndipo wakuda ukhale wochepa zedi komanso womalizira. Tsamba logona pa mtengo limasiya chithunzi chakuthwa, lotukula pang'ono limasiya chithunzi chofuwirira, ndipo kusakaniza ziwirizi kumapatsa mawanga kuya. Yesani kaye pa katoni. Cholakwa chofala ndi kuchulukitsa timawanga ting'onoting'ono ndi mitundu yakuda, moti mukaima patali zonse zimangosanduka chinthu chimodzi chakuda. Siyani zigawo zikuluzikulu za mtundu woyamba uja. Owombera chandamale ambiri amakonda mtundu umodzi wowala, wofiira kapena wabuluu, ndipo palibe cholakwika. Chimene sindingavomereze ndi kupenta mfuti kuti izioneka ngati chidole. Ku America nsonga ya olenji ndi chizindikiro cha mfuti zoseweretsa ana, ndipo mfuti ya mpweya si choseweretsa, imatha kuchotsa diso ngakhale kupha.

Malizani ndi vanishi wopopera wosanyezimira wa kampani imodzimodzi ndi penti, maulendo awiri. Penti amauma kukhudza pa ola limodzi koma amalimba pakatha sabata kapena kuposa, ndipo mukamanga masikuluwu msanga amasenda. Dziwaninso kuti mankhwala othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET amasungunula penti ndi pulasitiki, choncho muzisamba m'manja musanagwire mfuti.

Chitsulo

Apa ndinena mwachidule, chifukwa zambiri n'zosiyira amisiri a mfuti. Dzimbiri lapamwamba limachoka ndi steel wool wa 0000 woviika m'mafuta a mfuti, mopepuka kuti kuda kwa chitsulo kusachoke nalo. Timalo totuwa mungatidetse ndi mankhwala a cold blue, mutachotsa kaye mafuta onse, koma muli selenium amene ndi poizoni, choncho valani magolovesi. Mafuta asalowe m'kabowo kotulukira mpweya kumbuyo kwa mpope, chifukwa pisitoni ikapanikiza mpweya mafutawo amaphulika monga mu injini ya dizilo. Zokutira zolimba ngati Cerakote wa mu uvuni zimafuna kuphwasula mfuti yonse ndi kutentha kopyola madigiri 100 a Celsius, kumene zotsekera za labala sizingapirire. Ndipo ngati mfuti yanu ndi ya PCP, yogwiritsa ntchito mpweya wopoperedwa m'thanki m'malo mwa sipiring'i, thanki yake imasunga mpweya wa ma bar 200 kapena kuposa. Thanki imeneyo musaikweche, musaitenthe, musaiboole.

Kubwezera ndi kuyesa

Gonekani chitsulo m'ngalande osakakamiza. Chikakana, pali mafuta kapena penti wouma penapake, mupale ndi nsonga ya mpeni. Lowetsani masikuluwu onse ndi zala kaye, ndi mawashala ake, kenako mangani mosinthanasinthana, awiri akutsogolo mofanana. Mangani mpaka agwire, osati mpaka mtengo ulire. Mfuti ya sipiring'i imagwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo powomba, ndipo kugwedezekako kumamasula masikuluwu, choncho kadontho ka Loctite wabuluu, guluu wogwira masikuluwu, kamathandiza. Wofiira ayi, ameneyo samasuka popanda moto.

Pitani pamalo owombera okhala ndi chotchinga cholimba kumbuyo kwa chandamale. Mpope utaloza ku chandamale, kokani mfuti, ikani chipolopolo, yesani ngati loko wa chitetezo akugwira ndi kumasuka bwino. Chilichonse chikamveka chachilendo pa trigger, lekani, ndipo mfuti ikakhala yosakoka yang'ananinso masikuluwu aja a kutalika kosiyana. Zonse zikakhala bwino, wombani zipolopolo zisanu pa mamita 10 mukuloza malo amodzi, osakhudza sikopu. Kumene zagwera kudzakhala kosiyana ndi kale, chifukwa chitsulo chagona mwatsopano. Chofunika ndi chakuti zisanuzo zikhale pamodzi. Zikamwazikana, yambani mwayesa masikuluwu musanaimbe mlandu sikopu kapena zipolopolo. Zikaunjikana, tembenuzani sikopu kuti muzifikitse pakati, wombani zina zisanu, ndipo mukatha chitini choyamba cha zipolopolo yesaninso masikuluwu, popeza mtengo wongokonzedwa kumene umapanikizika pang'ono pansi pa mitu yake. Zipolopolozo ndi za mtovu, choncho sambani m'manja mukamaliza.